Mvula ya aNangozo

"Ichi n'chiyani? Ndikufunsa inuyo agogo, ichi n'chiyani?"

Alice anali ataima kuseri kwa khitchini, dzanja lina m'chiuno, lina likuloza pansi. Pamene ankalozapo panali nkhwangwa yozikidwa mpini m'dothi, kukamwa kwake kutapenya kumapiri. Pambali pake panali phale la phulusa lonunkha tsabola.

"Tsitsa mawu, mkazi mnzanga," anatero aNangozo akutuluka m'kanyumba kawo ndi ndodo.

"Mkazi mnzanu ndani? Nthabwala zimenezo zatha lero. Chimanga chikupota masamba dziko lonseli, kani mvula mwaitsekera kuseri kwa khitchini yanga?"

ANangozo anatchera khutu kumpanda. Kwa aneba kunali mayi amene ankasinja kuyambira m'mawa, koma tsopano mtondo unali zii.

Mkangano uli mkati, Damiano analowa pachipata ali panjinga, miyendo ili phee osapalasa. Ameneyu anali mwamuna wa Alice, mdzukulu amene aNangozo analera okha amake atamwalira. Ankamutchula kuti amunanga, monga agogo amasekera ndi zidzukulu zawo, ndipo Alice n'kukhala mkazi mnzawo. Njingayo inali yamagetsi. Anamutumizira ndi mlamu wake wa ku Joni, ndipo ankachita nayo kabaza pa Mtakataka. Pansi pa chishalo panali batire lakuda, lalikulu ngati njerwa.

Damiano anaona nkhwangwa ija n'kupukusa mutu. "Agogo, mwayambanso?"

"Mvula ndangoikankhira madzulo, amunanga, kuti izigwa inu mutalowa m'nyumba. Kumanga ayi. Ine ndingamange mvula? Ndidya chiyani?"

"Ndinakuuzani kuti njinga iyi siopa mvula. Chimene sichifunika n'kulowa nayo mumtsinje mpaka batire kumira, basi."

"Ng'ombe ija ya ku Golomoti inamira mumtsinje? Ndinaiona ndi maso angawa. Waya unangogwera m'matope, ng'ombe n'kupondapo, miyendo gwa, lilime panja. Tsono iwe magetsi omwewo wawakhalira, mvula n'kumakuthira pamutu. Uli ndi chikopa choposa cha ng'ombe iwe?"

Damiano anaseka. Alice sanaseke.

"Mukuseka? Ndiye kuti mumadziwa?"

"Khala chete iwe. Zaukalamba izi. Nkhwangwa ingaletse mtambo?" Damiano anaizula, n'kuiponya pansi pa nkhokwe, phale lija n'kulimenya theche. "Nkhani yathera pompano."

Kuseri kwa mpanda mtondo unayambanso kulira. Koma mawu anali atadumpha kale. Anthu inu, mukakangana pakhomo muziyamba mwamvetsera ngati kwa aneba akusinjabe.

Dzuwa la Januwale silinachitire chifundo munthu. Masana mitambo inkasonkhana pamapiri n'kuda bii, amayi n'kuthamangira kukaanula zovala, kenako kamphepo n'kubwera kudzaibalalitsa yonse. Mpunga m'madambo unafiira. Chimanga chimene chinali chitafika m'chiuno chinayamba kugona.

ANangozo atapita kumjigo ndi kandowa kawo, amayi anasuntha zidebe zawo ngati kwabwera galu wachiwewe. Palibe anawalonjera, palibenso anawapopera madzi monga ankachitira kale. Anapopa okha, akupuma pang'onopang'ono, ana ali patali kuwayang'ana. Kumapemphero a mphakati, mphasa imene anakhalapo inatsala yawo yokha.

Nkhwangwa sanaikhudzenso. M'malo mwake ankatenga kapu ya madzi n'kukathira pabowo pamene panali mpini paja, akunong'ona kuti Ambuye akhululuke, mvula ibwere ngakhale m'mawa, ngakhale masana. Koma mpanda unali ndi mipata. Mawa lake kunamveka kuti nkhalamba ija ikuthirira mankhwala ake kuti asafe.

Tsiku lina Damiano anabwera dzuwa likadali pamutu, akupalasa ndi miyendo, thukuta lili kamukamu. Njinga yamagetsi ikatha moto imalemera ngati ngolo.

"Amunanga, kwagwanji?"

"Musandiitane choncho. Wometa tsitsi uja wakana kunditchajira batire. Akuti asamuotchere shopu chifukwa cha ine. Pasiteji munthu sakukwera. Mayi wina ndinamuimira, anati bola ayende pansi."

"Nanga iwe walakwanji?"

"Akuti ndinakutumani ndine, kuti njinga yanga isanyowe. Akuti njinga yoyenda osapalasa siyenda chabe, pali chimene imadya. Dyson walengeza pamaso pa anthu kuti aithira petulo."

"Dyson wake uti? Mwana wa aMaliko uja?"

"Yemweyo."

"Uja kumupweteka n'kwakuti anthu anasiya kukwera njinga yake yopalasa. Usamayende naye, ndinakuuza kalekale. Maso ake aja..."

"Agogo!" Damiano anamenya chishalo ndi chikhatho. "Machenjezo anuwo ndi amene atifikitsa pano!"

Loweruka kunabwera Gidiyoni, mwana wawo wa aNangozo, malume ake a Damiano. Amake anamuyalira mphasa, iye anakhala pamuzu wa mango. Anamupatsa madzi, iye anati wamwa kale. Anaitana Damiano ndi Alice n'kuyamba kuyankhula ngati amake palibe.

"Mphwanga, ine ndabwera kudzakutsegula maso. Anthu sakufuna zambiri. Akufuna munthu mmodzi woti amuloze chala. Ukapanda kuwapatsa, atenga njinga, atenganso iwe, nyumba iyi n'kuyatsa. Uli ndi mkazi, uli ndi mwana wakhanda. Ukawauze kuti sunkadziwa kanthu."

"Gidiyoni," anatero aNangozo, "ndine amako."

"Amayi, ine sindikukana. Koma nkhwangwa munazika kapena simunazike?"

"Ndinazika."

"Tsabola munafukiza?"

"Ndinafukiza. Ndani sanafukizepo m'mudzi muno? Uvuni wako wa njerwa uja, mitambo itada usanautenthe, unathamangira kwa yani? Sunabwere ndi nkhwangwa yako yomwe paphewa, uli amayi ndithandizeni? Iwe Alice, m'mawa wa ukwati wako amako sanabwere pano ndi tsabola kunsonga ya chitenje? Tsiku lonse kunawala, munavina mpaka fumbi, munati aNangozo ndi akatswiri. Pamaliro a aMaliko, bambo ake a Dyson yemweyo, anandiitana ndani kuti manda asadzaze madzi?"

"Ine za ukwati sindikuzikumbuka," anatero Alice akugwedeza mwana kumsana.

"Mwamva?" Gidiyoni anatembenukira kwa Damiano. "Akuwerenga okha. Akanena zimenezi pagulu ndiye kuti avomera kuti ntchito yake ndi yakalekale. Amayi, pakamwa panupo mutseke. Musatchule dzina langa, musatchule njerwa."

"Ndiye ndinene chiyani?"

"Munene kuti mwalakwa, mumasula. Mwina angakusiyeni. Dimba lanu la kudambo lija ndiziliyang'anira ine mpaka zinthu zitazizira. Musade nalo nkhawa."

ANangozo sanayang'ane Gidiyoni. Mwana ameneyu ankamudziwa kuyambira ali kumsana, sanayembekezere china. Maso awo anali pakamwa pa Damiano. Iye anali atagwada pambali pa njinga, akupukuta sipoko imodziimodzi ndi kansanza, ngakhale kuti panalibe fumbi.

Gidiyoni atapita, aNangozo anamuyandikira Damiano.

"Damiano, anthu aja akabwera ukawauza chiyani?"

"Kapumeni agogo."

"Ine sindikuopa kumenyedwa. Ndakalamba, thupi ili latha kale ntchito. Ndikungofuna ndidziwe chimene ukanene."

"Ndati kapumeni."

Anthu aja anabwera Lolemba, dzuwa litakwera. Anayamba kumveka ndi malikhweru, kenako nyimbo, kenako mpanda wa udzu unagwa wonse nthawi imodzi. Patsogolo panali Dyson ndi kachigubu ka petulo. Kumbuyo kwake anyamata a zibonga, amayi a ana kumsana, ndi madoda amene aNangozo anawaona akubadwa. Gidiyoni anaima kumapeto kwenikweni, manja kumbuyo.

"Itulutse!" anakuwa Dyson. "Tulutsa ndege yakoyo tione ngati siopanso moto!"

Anyamata awiri analowa m'nyumba n'kuikoka njinga ija. Anaigwetsa pakati pa bwalo. Dyson anatsegula chigubu, fungo la petulo n'kudzaza pakhomo.

"Dikirani!" Damiano anakweza manja. "Abale anga, dikirani. Njinga ilibe mlandu. Ine ndilibe mlandu. Ndimayenda nanu tsiku ndi tsiku, munandionapo ndi chithumwa?"

"Nanga mvula ili kuti?"

ANangozo anali atakhala pakhonde la kanyumba kawo, ndodo ili pamiyendo. Anamuona Damiano akuyenda kupita kunkhokwe, akuwerama, akutulutsa nkhwangwa ija. Anainyamula m'mwamba kuti onse aione.

"Ine sindinkadziwa kanthu. Mkazi wanga ndi amene anaipeza. Funsani eni ake, ndi awo ali apowo."

Sanaloze ndi chala. Analoza ndi nkhwangwa.

Zimene zinachitika pambuyo pake aNangozo anaziona ngati zikuchitikira munthu wina. Ndodo yawo inathyoledwa pabondo. Wina anawagwira mwendo n'kuwakoka kuchoka pakhonde, mutu n'kugunda pamwala wotsukirapo mapazi. Mpango unagwa, imvi zili mbuu, ana n'kuseka. Anawakhazika pachulu cha kuseri kwa bwalo, pamene panalibe mthunzi, n'kuwauza kuti ayang'ane dzuwa limene anaitana.

"Masula! Mfiti iwe, masula!"

"Ndamasula, ana anga. Ndinamasula kalekale."

"Wavomera! Mwamva, wavomera!"

Mbama inagwa kudiso lamanzere. Mayi wina amene aNangozo anamuchiritsira mwana wa liwombo anabwera ndi phesi la chimanga chouma n'kuwakwapula nalo kumaso, akulira, akuti ana ake adya chiyani. Anyamata anakwera pakanyumba kaja n'kuyamba kusasula udzu. Mphasa, bulangete, mphika, kolona, zonse anaziponya pabwalo n'kuthira petulo uja anabweretsera njinga. Utsi uli tolotolo, aNangozo anasuzumira ndi diso limodzi lotsalalo. Damiano anali ataidzutsa njinga, akuikankhira m'nyumba mwakachetechete. Alice anamutsegulira chitseko.

ANangozo anakhala pachulupo mpaka dzuwa linapendeka. Milomo inang'ambika. Anapempha madzi, mnyamata wina anabweretsa kapu n'kuithira pansi patsogolo pawo.

"Chimanga chathu chikumvanso choncho, gogo."

Ndiye kumapiri kunagunda. Mitambo inali itasonkhana monga masiku onse, koma tsiku limeneli kamphepo kaja sikanabwere. Kunada bii. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe. ANangozo, amene anapempha mvula imeneyi m'mawa ndi madzulo, anayang'ana kumwamba n'kunong'ona kuti, "Lero lokha ayi, Ambuye. Mawa." Ankadziwa chimene mvulayo idzanene za iwo.

Dontho loyamba linagwera padzanja lawo. Kenako inakhuthuka.

Nthungululu zinamveka mudzi wonse. Anthu anavina m'matope, akukumbatirana, madoda akuponya zipewa m'mwamba. Dyson anakwera pamtondo.

"Mwaona? Tangomugwira pang'ono, yagwa! Akanakhala wosalakwa ikanagwa lero? Achoke! Mvula iyi isanakate akhale atachoka, angaimangenso!"

"Achoke! Achoke!"

Apa m'pamene Gidiyoni anayandikira. Anayankhula ndi Damiano pakhomo, osayang'ana kuchulu.

"Kawasiye ku Golomoti kwa Esther, mwana wa mng'ono wawo uja. Pita pompano, anthu asanasinthe maganizo."

Damiano anatulutsa njinga. Batire anali atatchaja mobisa kwa mnzake wa sola, linali ndi moto. Anawanyamula agogo ake pachulu paja ngati mtolo wa nkhuni n'kuwakhazika pakaliyala. Atangozindikira pamene akhala, aNangozo anayamba kuphiriphitha.

"Ayi! Damiano, ayi! Kukugwa mvula! Usakwere, ikugwira! Ndiyenda pansi ine, ndikwawa, usakwere!"

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ikuopa madzi mfiti!"

Damiano anakwera. Anapotoza chogwirira, njinga n'kunyamuka.

ANangozo anamugwira m'chiuno ndi manja onse awiri. Anaganiza kuti magetsi akabwera, mwina agawana, mwanayo n'kupulumuka. Anatsinzina n'kudikira. Madzi ankatsika m'khosi, matope ankathovukira m'miyendo, njinga inkaterereka pang'ono n'kuwongokanso. Anafika pamsewu wa tala. Damiano anawonjezera liwiro, matayala akulira tswii pamadzi. Galimoto ina inawadutsa n'kuwathira chithaphwi chonse. Anadikirabe. Pamlatho wa Nadzipulu anamva madzi akukokoma pansi, ofiira, atanyamula mapesi ndi nthambi. Anatsegula diso. Batire linali pafupi ndi bondo lawo, madzi akuyenderera pamwamba pake ngati pamwala. Anatambasula chala n'kulikhudza. Linali lofunda pang'ono, basi.

"Damiano. Sikugwira?"

"Ndinakuuzani."

"Ngakhale pang'ono?"

"Ndinakuuzani kambirimbiri, agogo."

Atafika pamphambano yopita ku Mua, aNangozo anamugwedeza malaya.

"Diso ili silikuona. Mutunso ukutuluka magazi. Tikhotere kuchipatala, angondimanga kansalu."

"Akafunsa kuti wakumenyani ndani, muyankha chiyani?"

"Ndinena kuti ndagwa."

"Sakhulupirira. Aitana apolisi, apolisi abwera kumudzi, ndiye ine ndikhala bwanji ndi anthu aja?"

Mphambano inatsalira kumbuyo.

Asanalowe mu Golomoti, foni inalira m'thumba. Damiano anaima pansi pa mtengo n'kuitulutsa m'kapepala ka pulasitiki. ANangozo makutu awo anali akuthwa kuposa maso. Anamva mawu a Esther, ang'onoang'ono ngati a udzudzu. Nkhani inali itafika kale. Amuna ake akana. Kwawonso chimanga chapsa, anthu akawaona adzati abweretsa tsoka. Asayerekeze kufika nawo pakhomo.

"Chabwino," anatero Damiano, n'kubweza foni m'kapepala.

"Akuti bwanji?"

"Akuti akukonza malo."

Pamsika wa m'mbali mwa msewu panali mashedi a malata ogulitsiramo tomato ndi anyezi. Ambiri anali opanda anthu chifukwa cha mvula. Damiano anaima pa shedi yakumapeto, anawatsitsa, n'kuwakhazika pabenchi. M'katimo munali mayi mmodzi akulongedza tomato m'dengu.

"Khalani apa. Moto watsala pang'ono. Ndikatchaje kumashopu uko, ndibwera tidzapitirize."

"Chabwino, amunanga."

Damiano anawerama n'kuyang'ana batire. Pamene pamalowa waya panali matope. Anafunafuna kansanza m'matumba, sanakapeze. Anagwira nsonga ya chitenje cha agogo ake, mbali imene inalibe magazi, n'kupukutira bwinobwino. Kenako anakwera. Nkhope yawo sanaiyang'ane.

ANangozo anamutsatira ndi diso limodzi lija. Mashopu anali kumanja, magetsi awo akuoneka mumvulamo. Njinga inafika patala, inaima pang'ono, n'kukhotera kumanzere. Sinkalira ngati njinga yamoto kuti munthu n'kumaimvera ikupita. Inangolowa mumvula n'kuzimirira.

Mayi wa tomato uja anasenza dengu, kenako anatulanso. Anawayang'ana nkhope yotupayo, mutu wopanda mpango, mapazi opanda nsapato.

"Agogo, mwatani kumasoku?"

"Ndagwa."

"Uja ndi ndani wanu?"

"Mdzukulu wanga. Ndinamulera ndekha. Wapita kukatchaja, abwera."

Mayiyo anasuzumira kumsewu.

"Kotchaja si uko, agogo. Uko n'kobwerera ku Mtakataka."

"Ndaona."

"Nanga mugona kuti? Muli ndi abale kuno?"

Madzi ankadontha pabowo la lata n'kumagwera paphewa la aNangozo, iwo osasuntha. Mayiyo anadikira, kenako anasenzanso dengu lake, poti nayenso anali ndi ana omudikira ndi mtunda woti ayende. Atafika pakhomo la shedi anamva nkhalamba ija ikumuitana.

"Mwanawe, iwe ndiwe wa konkuno. Mvula ikagwa chonchi, pa Nadzipulu madzi amakwera mpaka pamwamba pa mlatho?"

"Nthawi zina amakwera."

"Ndiye sakudziwa," anatero aNangozo. "Ndinaiwala kumuuza kuti akafika pamenepo atsike, ayambe waona."